Wotchi ya Akamwini

Lolemba

Kwa Wapampando wa komiti ya masewera, kwa mlembi wake, ndi kwa aliyense amene anagwira msomali pokhoma chikwangwani chija pamtengo wa kumsika:

Ine, amene ndaphunzitsa mbiri yakale kukoleji mpaka tsitsi kuchita mbuu, amene ndinavalapo mkanjo wakuda ndi chipewa changodyangodya kawiri konse, ndikupereka dandaulo langa mwaulemu ndiponso mokwiya. Mwalemba kuti Loweruka lino kuli "Mpikisano wa Liwiro wa Agogo Aakazi." Agogo a yani? Mdzukulu ndili naye, sindikukana, koma imeneyo ndi nkhani ya m'banja mwathu, si ya pamtengo. Ndiye pansi pake mwajambulapo kamayi kowerama, kogwira ndodo. Munthu wothamanga ndi ndodo ndiye kuti akupirikitsa mbuzi m'munda. Ndikupempha kuti ndodoyo ifufutidwe dzuwa lisanalowe.

Kalatayi sinditumiza. Wapampandoyo ndinamuphunzitsa ndine, ndikudziwa kuti sawerenga kupyola ndime yoyamba.

Koma ndithamanga.

Wayambitsa zonsezi ndi Tiyamike, mwana wanga. Wanditumizira kanema pafoni, mawu pamwamba akuti, "Amama, taonani anzanu." Azimayi a kunja, ena ondiposa ine kutali, mitu ngati thonje la ku Balaka, ali pamzere atavala timakabudula. Mfuti phaa, iwo liwiro. Akafika, dzina la munthu likuwala pabolodi, pambali pake nambala, wolengeza akukuwa kuti rekodi yathyoledwa. Tiyamike watumiza kuti ndiseke. Ndaonera mpaka bandulo kutha. Sindinaseke.

Chifukwa inetu ndinkathamanga. Kusekondale mamita handiredi anali anga, anzanga ankangobwera kudzandiperekeza. Wopanda nsapato, diresi la yunifomu nditalikwinyira m'chiuno. Koma wotchi ya sisitere wamasewera inkangodziwa maola ndi mphindi, ndiye ankangoti, "Woyamba," n'kundipatsa sopo. Moyo wanga wonse palibe anandiuzapo kuti liwiro langa linali lotani. Woyamba, sopo. Woyamba, sopo. Kenako koleji, kenako ukwati, kenako malemu amuna anga ndi mawu awo aja: "Mkazi wa munthu akathamanga ndiye kuti kwagwa zovuta." Ndinaseka. Ndinaleka. Zaka zoposa makumi anayi ndikuyenda ngati ndasenza mazira a eni.

Mu Zomba muno palibe mayi wopyola zaka sikisite amene nthawi yake inalembedwapo. Ndiye kuti woyamba kufika Loweruka, rekodi ndi yake, ngakhale afike chokwawa. Dzina, pambali pake nambala. Ndikufuna zimenezo basi. Ndipo adokotala anandiuza kale kuti bondo lakumanzereli latsala la kutchalitchi ndi kumsika. Za chaka chamawa tisanamizane.

Dongosolo:
- Kuthamanga m'mawa uliwonse.
- Kusiyana ndi mandasi mwamtendere.
- Kuitana Esinati akhale kochi.
- Kubwereka wotchi ya akamwini, ija yowerenga masekondi.
- Osauza munthu.

Lachiwiri

M'mawa. Ndatuluka pageti, chitenje ndamanga cholimba, ndayamba pang'onopang'ono kulowera msewu wa ku Chinamwali. Mapazi akukumbukira. Mapapo aiwala.

Sindinafike ngakhale pamlatho:
- Mayi woyandikana nane wataya tsache: "Mayo ine, watisiya ndani?"
- Wakabaza woyamba: "Kwerani amayi, za zovuta sitivuta mtengo."
- Wakabaza wachiwiri akupalasa pambali panga, belu ngiringiri: "Chipatala chake chiti?"
- Bambo wogulitsa makala watola mwala, maso ali kutsogolo kwanga: "Wakubayo wavala zotani?"

Ndikuyankha ndi dzanja kuti palibe, palibe. Dzanja lomwelo iwo akuti ndikuwakodola.

Ndacheuka. Kumbuyo kwanga kuli chigulu cha azimayi, ena ana kumsana, wina ndi thumba lopanda kanthu, onse liwiro. Wina wandipitirira, akufunsa ali wefuwefu: "Akugawira kuti? Makuponi kapena zitenje?" Chibwerere matipate, mayi wamkulu akathamanga, ngati si maliro ndiye kuti penapake paima galimoto yogawa zinthu. Ndaima. Onse aima. Ndawauza kuti ndikungolimbitsa thupi. Andiyang'ana ngati ndawabera. Wathumba uja: "Anthu ophunzira inu, mumafuna muzilandira nokha."

Chondipweteka n'chakuti wondipitirira uja anali ndi mwana kumsana.

Masana. Kunyumba ndapeza azimayi atatu a mumpingo ali pakhonde, mipango kumutu, nkhope za maliro zokonzeka kale. Uthenga wafika ine ndisanafike. Poti palibe wamwalira, ndawaphikira tiyi. Mandasi ndadya nawo. Mlendo sumusiya adye yekha.

Malemu ananena zoona. Zimandinyansa munthu akamanena zoona ali kumanda, koti sungamuyankhe.

Madzulo. Za wotchi. Akamwini, amuna a Tiyamike, bambo a Mphatso, ndi mphunzitsi wa masewera pasekondale ina konkuno. Kwawo ndi ku Phalombe, ndipo anawalera mwakuti chikwatireni mwana wanga sanandiyang'anepo kumaso. Zala zanga za kumapazi amazidziwa zonse, mwina ndi maina omwe. Ndikalowera khomo lakumaso, iwo atulukira lakuseri. Tikakumana panjira amalowa m'chimanga. Chimanga chikakololedwa amalowa m'mapesi. Tsiku lina analowa m'ngalande, njinga ndi yomwe. Kukoleji ndinkaphunzitsa kuti miyambo yotere ndi unyolo. Kumsonkhano wa amayi ndimanyadira kuti mkamwini ngati wanga simungamupeze Zomba yonse. Zonse ziwiri ndimanena ndi mtima umodzi.

Sindingawapemphe ndekha, poti pofika pamene ndatsegula pakamwa iwo amakhala ali kuseri kwa nyumba. Ndanamiza Tiyamike kuti wotchi ija ndikuifuna kuti ndiziwiritsira mazira.

Lachitatu

Kutauni kwandikana, ndakwera phiri. Mwana wa Esinati watitula padamu la Mulunguzi popita kuntchito kwake.

Esinati tinali limodzi kusekondale. Pa liwiro lopatsirana kamtengo, iye ndi amene ankandipatsa, ine n'kumaliza. Tinalipo anayi, awiri anagona kale. Anali namwino mpaka sitiroko inamulanda mbali yakumanja. Pano amayenda ndi ndodo, ndodo yeniyeni, ndipo za kalata yanga ya Lolemba ija sindinamuuze.

Pamwamba pano kuli nkhungu, fungo la paini, kanjira kosalala m'mbali mwa madzi. Kulibe wakabaza. Kulibe wofunsa za maliro. Kuli anyani.

Wotchi tilibe. Esinati akuti, "Ndiwerenga ndi pakamwa, amwali, monga ndinkawerengera mtima wa wodwala."

Ulendo woyamba. Ndanyamuka bwino. Ali mkati mowerenga, wadutsa bambo wosenza nkhuni, wapereka moni. Esinati wayankha, wamuzindikira kuti anawabayapo jakisoni amayi ake, wafunsa za mwendo wawo, za ana, za mvula. Ine ndafika, ndabwerera, ndili wefuwefu: "Zingati?" Iye: "Akuti mwendo uja ukupezako bwino."

Ulendo wachiwiri. Ogulitsa zipatso andiona. Akundilondola ndi mbale za masitiroberi ndi mabulosi: "Musathawe amayi, mtengo tikambirana!"

Ulendo wachitatu. Nyani wamkulu wakhala pakati panjira, manja pamawondo, akundiyang'ana momwe ndinkayang'anira ophunzira obwera pamayeso asanawerenge. Ndamupatsa ulemu wake. Ndabwerera choyenda.

Bondo layamba kulankhula. Likadali kunong'ona.

Ndati tizipita. Esinati watola kamtengo kouma ka paini. "Dzanja kumbuyo. Usacheuke." Ndaima patsogolo pake, dzanja kumbuyo, ngati kale. Ndikumva ndodo yake ikugogoda pansi, go, go, go, akubwera ndi liwiro lonse limene latsala naye. Kamtengo kafika m'dzanja langa. Ndipo ndapita. Sindikudziwa kuti zachokera kuti, koma mitengo yayamba kudutsa.

Nditabwerera wandiyang'ana nthawi yaitali, mbali imodzi ya kamwa ikuseka, inayo ili duu.

"Liwiro uli nalobe, chitsiru iwe. Unalibisa kuti zaka zonsezi?"

Ndayamba kufotokoza za ukwati, za ntchito, za ana.

"Ine miyendo anachita kundilanda. Iwe unapereka wekha."

Kochi wamtundu wanji wolankhula chonchi kwa munthu amene wamugulira masitiroberi?

Madzulo. Yankho la wotchi lafika kudzera kwa Tiyamike. Akuti pepani kwambiri, wotchiyo ikufunika Loweruka, aikamo batire latsopano, sakufuna lithe. Koma atumiza mazira owiritsa kale, m'kambale kovindikira.

Ikufunika Loweruka kuti? Sindinafunse. Madigiri awiri, sindinafunse.

Lachinayi

Nkhani ya zovala. Ndayesa kuseri kwa nyumba, pakati pa chingwe choyanikira ndi mtengo wa mapeyala:
- Chitenje chomanga cholimba: miyendo ikuchita kupemphana njira. Mbuzi yopita kumsika.
- Chitenje chomanga chomasuka: chatsala pamaluwa, ine ndapitirira.
- Buluku la malemu: lakana m'chiuno. Mwini wake akutsutsabe.

Ndili mtsikana lamulo linkaletsa mkazi kuvala buluku kapena siketi yoonetsa bondo. Matipate atabwera lamulolo linachotsedwa, tinavina, ine ndinalemba pepala lalitali lonena za ufulu wa thupi la mkazi, anthu anaomba m'manja m'holo. Chilembereni pepalalo sindinavalepo buluku ngakhale kamodzi. Ufulu unandipeza nditazolowera kale.

Kumsika, pakaunjika. Ndatola kabudula wofiira wa mzere woyera m'mbali. Wogulitsa: "Ndi wa mdzukulu wamkazi kapena wamwamuna?" Ndati ndi wanga. Waitana mnzake wa pabenchi lina kuti ndibwereze.

Nsapato ndagula m'sitolo ya amwenye. Mwana wa eni sitolo akukulunga osafunsa kanthu. Koma amayi ake, okalamba, amene ndawaona pampando womwewo kuseri kwa kauntala chiyambire ntchito yanga, andikodola ndi chala. Nkhani yawapeza kale. Monong'ona: "Ine ndinkawasiya achimwene anga onse. Mukathamangireko ndi ine." Abwerera pampando, nkhope ngati sananene kanthu.

Ndatuluka m'sitolomo ndi katundu wolemera kuposa nsapato.

Madzulo. Lero ndi tsiku la amayi kutchalitchi. Sindinapite, ndiye tchalitchi chabwera. Nthumwi zisanu, mabulauzi oyera, zikwama pamiyendo. Mfundo yomaliza ya dongosolo langa, ija yoti osauza munthu, tiiike m'manda mwaulemu.

"Sitikukuletsani, mayi. Tikungofunsa kuti ana amene munawaphunzitsa akaona chiyani."

"Ntchafu ya mayi wamkulu amaiona ndi awiri: mwini wake ndi osambitsa maliro."

Ndayankha kuti mwini wake anatsogola, osambitsawo adikire nthawi yawo. Palibe waseka, kupatula mayi msungichuma amene wanamizira kutsokomola.

Apemphera kuti ndibwezedwe panjira yoipayi. Atachoka ndaona kuti bondo latupa pang'ono. Pemphero la amayi a Lachinayi silichedwa.

Lachisanu

M'mawa. Kubwalo, kukalembetsa. Akujambula mizere ndi laimu. Wapampando wandiona: "Madamu! Mwabwera kudzaona malo okhala alendo olemekezeka?" Ndamuuza kuti alembe dzina langa, ndipo alilembe bwino, osati monga ankalembera mayeso.

Akuti ofuna kuthamanga analipo ambiri. Ena awaletsa ana awo, wina amuna ake, wina kwagwadi zovuta zenizeni. Tatsala anayi:
- Ine.
- A Nasibeko, opuma ku polisi. Amayenda ngati akadali paperete. Akatumba a m'miyendo ngati mabotolo.
- Awiri apachibale a ku Chinamwali, amene abwera atamva kuti kuli mphoto.

Wapampando akutiwerengera malamulo, ndime yoyamba yokha monga mwa chikhalidwe chake. Mfuti palibe, aombanitsa matabwa awiri. Matabwa akalira, wotchi iyamba. Wotchi iima pamene chifuwa cha wothamanga chadutsa mzere. Osati mutu, osati phazi. Chifuwa. Wogwira wotchi aziyang'anitsitsa pamenepo.

Ndafunsa kuti wogwira wotchiyo ndani.

"Tili ndi katswiri, madamu. Mphunzitsi wa masewera, wa ku Phalombe. Munthu waulemu kwambiri."

Ndakhala pansi, pa laimu pomwepo.

Madzulo. Tiyamike wabwera, nkhope ngati mvula ya kuphiri. "Amama, mukufuna bambo a Mphatso asamuke mu Zomba? Chimvereni nkhaniyi sanadye." Ndati apereke wotchi kwa munthu wina. Akuti sizingatheke, ndi ya sukulu, ahedi anawapatsa m'manja mwawo, ndipo komiti inalengeza kale dzina lawo. Eni ake ali kuti? Ali kuseri kwa khitchini, ndikuona chipewa chokha pawindo.

Ndawaphunzitsa kudzera pawindo lomwelo. Ndati mawa inu si akamwini, ine si apongozi. Inu ndinu wogwira ntchito, ine ndine nambala ya pamzere. Diso la wantchito lilibe mbale. Dokotala amayang'ana, woyeza maso amayang'ana, telala amayang'ana. Ndapereka zitsanzo za m'mbiri, ndamanga mfundo, ndamaliza bwino. Phunziro labwino kuposa ambiri amene ndinapereka m'kalasi.

Kuseri kwa khoma: "Ndamva, amayi."

Patapita kanthawi: "Ndiyesetsa, amayi."

Esinati pafoni: "Vala chitenje pamwamba pake, amwali. Umuthandize mwana wa eni. Bola nambala yoipa kusiyana n'kusowa nambala."

Ndamuuza kuti sindinadikire zaka zonsezi kuti ndikathamange ngati mbuzi yomangidwa.

"Chabwino. Iwe ndiwe wophunzira."

Akanena choncho Esinati, sikuti akukuyamikira.

Loweruka

Zomba yonse yabwera. Ophunzira a kukoleji, akabaza ndi njinga zawo, ogulitsa chinangwa, wathumba uja wa Lachiwiri ndi thumba lake lomwelo. Amayi a mumpingo akhala kutsogolo kwenikweni kuti akhumudwe bwinobwino. Esinati amuikira mpando pafupi ndi mzere womalizira. Pambali pake, kutali uko, akamwini: chipewa choyera, wotchi pachingwe m'khosi, maso pa nsapato zawo.

Nsapato zatsopano zikuluma. Ndavula. Udzu ukadali ndi mame, mapazi auzindikira.

Kenako ndamasula chitenje, ndachisiya pansi.

Bwalo lonse zii, ngati magetsi azima paukwati. Ndiye kwamveka nthungululu imodzi yokha, yopotoka, yotuluka mbali imodzi ya kamwa. Esinati.

Matabwa phaa!

Mapazi oyamba ndi a mayi wopuma pantchito, sindingabise. A Nasibeko ali kale patsogolo, zigongono zikugwira ntchito ya boma. Apachibale aja akukambirana. Koma penapake, sindikudziwa pati, wina wandilowa m'miyendo: mtsikana uja wa diresi lokwinya. Sanapemphe, wangolanda. Mphepo m'makutu. Phiri likubwera kudzandichingamira. A Nasibeko ndawapeza, akupuma paphewa panga ngati lole yokwera ndi matabwa, kenako sindikuwamvanso. Anthu akukuwa, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe akufunsa kuti wamwalira ndani.

Chifuwa patsogolo, monga anatiphunzitsira sisitere. Mzere. Bondo lati thoo, ngati nkhuni youma. Ndagwa pa udzu ndikuseka.

"Zingati?"

Maso onse atembenukira kwa wogwira wotchi.

"Ndati zingati?"

Ndadzutsa mutu. Akamwini anjuta pansi, msana kuloza kuno, nkhope kuloza kumpanda, chipewa m'manja. Oona akuti wotchi anaiyambitsa bwinobwino. Akuti anapirira mpaka pakati, thukuta lili kamukamu. Koma kabudula wofiira atayandikira, mawondo anapinda okha, khosi linatembenuka lokha. Atamva mawu anga kachiwiri, adzuka, adumpha mpanda, alowera ku Chinamwali, wotchi ikuuluka pachingwe. Liwiro loposa onse lero, ndipo nalonso palibe waliwerenga.

Wapampando wagwada pambali panga. "Mwapambana, madamu, zimenezo tonse taona. Koma rekodi imafuna nambala. Mungabwereze?"

Ndamuonetsa bondo. Lafika kale pa msinkhu wa papaya.

Apa m'pamene wophunzira wina wakumbukira kuti foni iliyonse ili ndi wotchi yotere. Apa! Mafoni anali m'mwamba bwalo lonse, osawerengeka. Tafufuza makanema: onse ayambira pakati, ndipo onse akuloza kabudula. Mtundu wa anthu ophunzira.

Abwereza atatu otsalawo, foni ya wapampando ikuwerenga. A Nasibeko oyamba. Dzina, pambali pake nambala, pachimkuzamawu, kawiri: rekodi yoyamba ya amayi akuluakulu mu Zomba. Abwera kudzandigwira chanza ndili gone pabenchi. "Munandisiya kutali, mayi, ndikuvomera. Koma lamulo ndi lamulo." Wapolisi sapuma pantchito.

Komiti yagwirizana kuti mphoto ya liwiro loyamba lija ndi yanga ndithu. Andipatsa pamaso pa anthu onse, amayi a mumpingo akuomba m'manja mwamphamvu.

Chitenje.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Mwendo uli pampando, bondo lakulungidwa. Mabelu ndikuwamvera pakhonde.

Esinati wabwera pakabaza, ndodo yopingasa pamiyendo. Walipapasa bondo ndi dzanja lake labwinolo, wangoti, "Basi, latseka ofesi." Kenako, akuyang'ana kwina: "Ndinakuona ine, amwali. Unali ngati kale. Kuposa kale ayi, sindinganame. Koma ngati kale."

Ndamufunsa ngati anawerenga ndi pakamwa. Akuti anayamba. Akuti pakati anaiwala, ankalira.

Tiyamike wafika ndi nkhuku yomanga miyendo. Eni nkhuku aima kuseri kwa mtengo wa mapeyala, mtengowo ndi wowonda kuposa iwo. Uthenga: akuti pepani. Akuti anayesetsa. Akuti mtima unkafuna, maso anakana.

Ndinakonza mawu oti ndiwalase nawo, a mfundo zitatu. Ndayang'ana mapewa akusuzumira mbali zonse ziwiri za mtengo, mawu aja athawa. Ulemu womwewu ine ndinaupatsa miyendo yanga zaka makumi anayi. Iwo aupatsa timasekondi tochepa. Kungoti timasekondi take tinali tanga.

Ndiye Tiyamike waika chinthu patebulo. Wotchi. Manambala akuthamangabe.

"Akuti sangaiimitse, amama. Lamulo likuti iime akaona chifuwa chikudutsa mzere. Iwo sanaone."

Tonse atatu taiweramira. Chiyambireni dzulo, usana ndi usiku, ikungowerenga. Malinga ndi wotchi ya sukulu, ine sindinafike.

Esinati: "Ndiye kuti ndiwe mayi wochedwetsetsa m'mbiri ya Zomba. Imeneyonso ndi rekodi."

Chabwino. Nkhuku ndalandira. Auzeni akamwini atuluke kuseri kwa mtengo, ndalowa m'nyumba, njira ndi yawo.

Koma nkhani siithera pa nkhuku. Kwa Wapampando wa komiti ya masewera, kwa mlembi wake, kwa amayi a Lachinayi, kwa akabaza onse a msewu wa Chinamwali, ndi kwa aliyense amene anandifunsapo kuti kwagwanji: ine, wopambana wopanda nambala, ndikufuna chipepeso chotsatirachi, ndipo zonse zili mu ndime yoyamba kuti muwerenge.
- Bondo limodzi lakumanzere, la mtsikana wa kusekondale, losagwirapo ntchito ya boma.
- Zaka zanga zija zibwezedwe pakhomo pano, zosatsegula. Malemu abwere nazo okha, akhale kutsogolo pamodzi ndi amayi a mumpingo, aonerere.
- Ndodo ija ya pachikwangwani isafufutidwenso. Munditumizire, ndikuifuna.
- Wotchi ikhala kuno. Sukulu ipeze ina. Woikhudza adzalipa ng'ombe yamoyo. Mpaka batire lithe, mayi uja akadali paliwiro, ndipo pasapezeke munthu womuimitsa kuti amufunse wamwalira ndani.